Lipoti la msonkhano wokonzekera mpikisano wa makwaya a atsikana achiyuda ku Jerusalem

A wapampando ndi mamembala nonse a komiti,

Munandituma kukamva momwe masukulu achipembedzo a atsikana achiyuda amakonzera mpikisano wa makwaya wopezera ndalama zothandizira ovutika, zomwe iwo amati tzedakah. Masukuluwa amawatcha midrasha. Amalandira atsikana ongomaliza sekondale, ambiri ochokera ku America, Britain ndi Canada, kuti aphunzire Torah, malemba ndi malamulo achipembedzo chachiyuda, kwa chaka chimodzi.

Nkhani yomwe inatenga nthawi yaitali ndi ya lamulo la kol isha (mawu a mkazi), lochokera mu Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi akale, pa Berakhot 24a. Ayuda osunga mwambo amatanthauzira kuti mwamuna asamvetsere mkazi akuimba, choncho m'holo mumalowa akazi okhaokha. Oweruza ndi ogulitsa matikiti aakazi savuta kuwapeza. Povuta ndi pa woyendetsa zokuzira mawu, chifukwa ntchitoyi ambiri oidziwa ndi amuna, ndiye mkazi woidziwa afunidwe msanga holo isanalipiridwe n'komwe. Mafoninso amadetsa nkhawa. Wina akajambula kanema n'kuika pa WhatsApp, palibenso amene angaletse amuna kuionera, choncho chenjezo liperekedwe pakhomo komanso nyimbo yoyamba isanayambe.

Tsiku silisankhidwa mwachisawawa. Sabata limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, ndipo ku Jerusalem makandulo amayatsidwa kutatsala mphindi 40. Kuyambira pamenepo mpaka Loweruka kutada palibe kuimba zida, kuyatsa magetsi, kugwira ndalama kapena kukwera basi. M'masiku 49 otchedwa Omer, pakati pa zikondwerero za Pesach (Paskha) ndi Shavuot (Pentekoste yachiyuda), ambiri amapewa zoimbaimba kwa masabata angapo. Nyengo yabwino ndi yozizira, December mpaka February, pamene atsikana azolowerana ndipo zikondwerero za September ndi October zapita.

Poti mulibe tena ndi besi, nyimbo imagawidwa patatu: sopulano woyamba, sopulano wachiwiri ndi alto. Cholakwika chofala n'kukankhira alto pansi kwambiri kuti amveke ngati besi. Mawu amasasa, ndipo kwaya yonse imatsetsereka kutsika ndime yachiwiri isanathe. Mankhwala ake n'kukweza nyimbo yonse ndi kiyi imodzi, ndi kuika maikolofoni pafupi ndi alto, osati kwa sopulano omwe amamveka kale.

Katchulidwe nako kamasokoneza. Mawu ambiri amatengedwa m'Masalimo m'Chiheberi, koma potchula Sabata, ena anakula akunena Shabbos pomwe anzawo amati Shabbat. Theka likamalizira pa s, theka pa t, oweruza amamva msanga. Wotsogolera asankhe katchulidwe kamodzi tsiku loyamba lokonzekera. Dzina la Mulungu nalo ambiri salitchula poimba nyimbo zotere, amati Hashem, kutanthauza "Dzinalo".

Za zovala sitinachedwepo: siketi yopitirira mawondo, manja a malaya ophimba zigongono.

Pa ndalama, chomwe ndinaona kuti tingatengere ndi ichi: bungwe lolandira thandizo lilengezedwe tikiti yoyamba isanagulitsidwe, sukulu iliyonse isayinire matikiti omwe yatenga, ndipo za holo, mabasi ndi zokuzira mawu zilembedwe padera kuti anthu aone zomwe zatsaladi. Ndikupempha msungichuma abweretse buku la malisiti ku msonkhano wathu wotsatira kuti tiyambire pamenepo.

Ine nthumwi yanu.