Kalata kwa makolo potseka telemu yoyamba

Makolo ndi nonse osunga ana athu,

Landirani moni kuchokera kwa aphunzitsi, komiti ya sukulu ndi a PTA. Lero Lachisanu tatseka telemu yoyamba, tithokoze Mulungu kuti watisunga. Malipoti tapereka kwa mwana aliyense m'manja, ndiye wanu akafika kunyumba n'kunena kuti sanatipatse, musavutike naye, ingobwerani ku ofesi Lolemba m'mawa mudzaone nokha m'kaundula.

Zabwino zilipo ndithu. Ana a sitandade 1 ndi 2 ambiri ayamba kulumikiza maphatikizo n'kuwerenga mawu paokha. Atsikana athu a netibo anachita bwino pa masewero a zoni. Chimbudzi chatsopano cha atsikana chatha ndipo chikugwira ntchito. Amayi a mother group abweza m'kalasi atsikana ena omwe anali atasiya, ndipo ophika phala sanajombe ngakhale masiku omwe nkhuni zinali zonyowa. Zikomo nonse.

Koma chimene chandipangitsa kulemba kalata yayitali chonchi ndi nkhani ya maenje a njerwa a kudambo kuja. Ena mwamva kale kumsika, ena mwamva zosinjirira, ndiye ndikuuzeni mmene zinakhalira. Sabata ya mayeso, anyamata a sitandade 5 ndi 6 atamaliza pepala lawo anazemba nthawi ya buleki, anadutsa kuseri kwa zimbudzi komwe kulibe mpanda n'kupita kukasambira m'maenje omwe anthu anasiya ataumba njerwa m'chilimwe. Mvula yoyamba ija inali itawadzaza mpaka pakamwa. Mmodzi wa anyamatawo anaterereka pomwe pali pakuya, anzake ataona kuti sakutuluka anathawa, sanakuwe n'komwe poopa kuti zidziwika kuti anazemba. Amene anamupulumutsa ndi mayi wina amene ankapalira chimanga chake chapafupi, anagona chafufumimba m'mphepete n'kumupatsira mpini wa khasu. Anafika naye ku ofesi kwanga atamukulunga chitenje, matope mpaka m'makutu, akusanza madzi, akunjenjemera osatha kutchula ngakhale dzina la bambo ake. Tinathamangira naye kuchipatala pa njinga yamoto ndipo pano ali bwino. Koma makolo anzanga, pakanapanda mayi uja bwenzi telemu ino tatseka ndi maliro.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi zomwe zinatsatira. Tinaitanitsa makolo a anyamata onse aja, anabwera ochepa. Ena anatumiza uthenga kuti atanganidwa kumunda, chabwino tikudziwa ndi nyengo ya feteleza, koma ola limodzi lokha chifukwa cha moyo wa mwana wanu? Kholo lina linabwera, osati kudzamva, koma kudzakalipira mphunzitsi pamaso pa ana kuti bwanji mwana wake wapatsidwa chibalo chosesa, ati ana akhala akusambira kuyambira kalekale. Ayi, zimenezi sindizilola pasukulu pano. Mphunzitsi akalakwa bwerani kwa ine tikambirane ngati akuluakulu. Ndipo zoti ana ankasambira kale n'zoona, koma tinkasambira pamchenga pomwe mapazi amagunda pansi, akuluakulu akuchapa pompo. Dzenje la njerwa n'losiyana, m'mbali mwake ndi mophedeka, dothi lake ndi lamakande loterera loti ngakhale munthu wamkulu sangagwire kuti akwere, madzi ake ndi amatope sungaone kuti kuya kwayambira pati. Komanso mwana akamamira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira, amangomwa madzi mwakachetechete, mphindi zochepa basi zatha.

Nanga mpanda uja? Pamsonkhano wa kumayambiriro kwa telemu tinagwirizana tonse, munakweza manja nokha, kuti khomo lililonse lisonkhe kangachepe kapena libweretse mchenga ndi kugwira ntchito kuti titseke mbali yakuseri ija. Mpaka lero mabanja omwe akwaniritsa sakufika ngakhale theka. Sitinathamangitse mwana aliyense chifukwa cha zimenezi ndipo sitimuthamangitsa, koma mudziwe kuti pamene anyamata aja anatulukira ndi pomwe paja tinati titseke. Aphunzitsi ndi ochepa, kalasi imodzi ana osawerengeka, sangakhale akuphunzitsa uku akulondera tchire. Ndikudziwa kuti December ndi mwezi wovuta, chimanga chadula, ndalama yonse yapita kumunda, ndiye amene zavuta bwerani tikambirane, ngakhale tsiku limodzi lonyamula mchenga tilandira ndi manja awiri. Chimene sindikufuna ndi kungoti zii ngati nkhaniyi sikukukhudzani. Ndalankhulanso ndi amfumu kuti eni maenje aja awakwirire, ndipo nafenso tikadzaumba njerwa za mpanda maenje athu tidzakwirira tisanawotche uvuni.

Tsopano ana ali m'manja mwanu holide yonse, kukutentha, mvula ikugwa, mitsinje yayamba kudzaza. Chonde chonde muwauze, osati kamodzi, kuti kudambo, kumtsinje ndi kumaenje asapiteko okha. Muwauzenso kuti mnzawo akagwa m'madzi asadumphiremo ndipo asathawe, akuwe kwambiri, amuponyere ndodo, chingwe, chitenje kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino. Mwana amene wabwera kudzanena kuti mnzake wagwa m'madzi musayambe ndi kumukwapula, chifukwa mantha a chikwapu ndi omwe anathawitsa anyamata aja. Madzi oima amenewa ndi omwenso amabweretsa likodzo, mukaona mwana akukodza magazi si kukula ayi, pitani naye kuchipatala. Ndipo musaiwale kolera. Mukukumbukira mu January 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi ku Blantyre chifukwa cha kolera, anthu ambiri anatisiya nthawi imene ija. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, mango otola pansi azitsukidwa, manja asambidwe ndi sopo pochoka kuchimbudzi. Mwana akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi mupatseni Thanzi muli panjira yakuchipatala, osadikira kuti kuche. Kukachita mphenzi asabisale pansi pa mtengo, ndipo bowa amene mwana wazula yekha asaphikidwe wamkulu womudziwa asanamuone.

Za Khirisimasi ndi Nyuwere, sindikuletsa chisangalalo ayi. Ana adye mpunga ndi nkhuku ngati zilipo, avale zatsopano, apite kutchalitchi akachite sewero la kubadwa kwa Yesu, akaimbe kwaya, ana athu achisilamu apitirize madrasa, masana akamenye mpira pabwalo la sukulu, ndalola kuti likhale lotsegula bola pakhale munthu wamkulu. Koma chaka chilichonse tikatsegulira mu January timalandira ana ena ali ndi mabala a makombola m'manja, ena atagundidwa ndi akabaza othamanga ataledzera, ndipo ena sabweranso n'komwe. Mwana wa sitandade 4 akufuna chiyani ku vidiyo 10 koloko usiku? Madansi ochezera aja ndi mapemphero a usiku wonse omwe, ngati inu simukupita nawo mwana asapite, ana ena amatsanzika kuti akupita kutchalitchi koma amathera pamalo omwera mowa. Ndipo abambo, ndikupempheni mwaulemu, lekani kutuma ana kukagula kachasu. Mwana amene wanyamula botolo panjira amalawako.

Atsikana athu muwayang'anire kwambiri nyengo imeneyi, anthu obwera kutchuthi kuchokera kutauni ndi ku Joni amabwera ndi timafoni ndi tindalama, mwana amanyengeka ndi zochepa. Lamulo la dziko lino silola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo tikamva kuti mwana wathu wakwatiwitsidwa pa holide nkhaniyo tipita nayo kwa amfumu ndi kupolisi, sitibisa. Mwana akachitidwa nkhanza kapena chipongwe imbani 116, ndi yaulere, kapena pitani ku Victim Support Unit kupolisi. Musamalize nkhani zotere pakhomo polandira mbuzi. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye mukaona mwana wa aneba akulowera kudambo kapena akuyenda usiku, mubwezeni, ndipo inu mwini mwana musakwiye wina akakubwezerani mwana wanu.

Kumunda apite akuthandizeni kupalira, n'kuphunzira komweko, koma mpumulo wamasana muwasiyireko kanthawi kogwira buku. Achichepere aziwerenga mokweza inu mukumvetsera, ngakhale simudziwa kuwerenga mumva ngati akudodoma. A sitandade 8 tawapatsa ntchito yolemba m'masamu ndi Chingerezi, mayeso a MANEB sali kutali, makope amenewo tidzawaona tsiku loyamba. Mabuku a sukulu amene abwereka asanyowe ndipo masamba ake asakhale okulungira mandasi, chonde.

Tsiku lotsegulira telemu yachiwiri talilemba pansi pa lipoti, ndi Lolemba ndipo kuphunzira kuyamba tsiku lomwelo, zoti sabata yoyamba n'njosesa zinatha. Pa 15 January tidzapuma pokumbukira John Chilembwe, kupatula apo tikatsegulira palibe holide ina mwezi umenewo. Loweruka la sabata yoyamba 8 koloko m'mawa kudzakhala msonkhano wa makolo onse, nkhani yaikulu ndi mpanda ndi maenje, amfumu adzakhalapo, mubwere nokha osatumiza mwana kapena mlamu, ndipo amene muli ndi khasu, fosholo kapena wilibala mudzatenge chifukwa tikatha kukambirana tidzapita limodzi kudambo kukayamba kukwirira. Makolo a anyamata aja amene simunabwere, ndikukudikirani ku ofesi Lolemba likudzali, ndidzakhalapo mpaka 12 koloko.

Ndikufunirani Khirisimasi yabwino ndi chaka chatsopano chamtendere.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu