Asanyoze aphunzitsi a sekondale pa tsiku lawo lomwe

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo ndinene zomwe zakhala zikundidya mumtima chichokereni ku mwambo wa tsiku la aphunzitsi, pa 12 Okutobala, pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Amene analipo akudziwa kale zomwe ndikunena. Mlendo wolemekezeka anali mphunzitsi wa ku yunivesite, ndipo dzina lake ndi komwe amagwira ntchito sinditchula. Anawakhazika kutsogolo pamthunzi, botolo la madzi pambali, eni tsikulo ataima padzuwa la Okutobala kuyang'anira ana kuti asachite phokoso. Atapatsidwa mpata wolankhula, a Dotolowo sanathokoze ngakhale kamodzi. Anati sekondale zikuwatumizira ana opanda kanthu m'mutu, osatha kulemba ndime imodzi ya Chipwitikizi, ndipo chaka choyamba cha ku yunivesite chimathera kukonza zomwe aphunzitsi a sekondale anaononga. Ena pa tebulo la akuluakulu anaomba m'manja. Aphunzitsi athu anangowerama.

Ine ndine kholo, mlimi wa mbatata ndi nyemba, ndipo ndimakhala nawo m'komiti ya sukulu. Digiri ndilibe. Koma mwano ndimauzindikira ndikaumva, ndipo uwu unali mwano. Munthu waitanidwa pa chikondwerero cha eni, wadya chakudya chomwe aphunzitsi omwewo anasonkherana ndalama, kenako n'kuwatukwana pamaso pa ana omwe amawaphunzitsa. Lolemba lake mphunzitsiyo alowa bwanji m'kalasi, ana atamva ndi makutu awo kuti iye ndi woononga? Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. A Dotolo anasiya mlomo, anakwera galimoto yawo n'kumapita.

Tsono popeza iwo ayamba kuyerekeza, tiyeni tiyerekeze bwinobwino.

Mphunzitsi wa sekondale sasankha mwana. Aliyense amene walembetsa amamulandira: wanzeru, wochedwa kumva, wobwera ndi njala, woyenda mtunda wautali wapansi, mtsikana amene kwawo akumukakamiza banja, mnyamata amene amajomba mwezi wathunthu nthawi yokumba mbatata. Pa sukulu yathuyi kalasi imodzi imakhala ndi ana oposa 80, ena atakhala pansi, ndipo phunziro ndi la mphindi 45 zokha. Kungoitana mayina kumadya gawo la nthawiyo. Akatuluka m'kalasi imeneyo alowa ina, kenako ina, ndipo ena amabweranso usiku kudzaphunzitsa akuluakulu. Akalemba mayeso ana onsewa, mapepala amawanyamula kupita nawo kunyumba n'kumachonga mpaka pakati pa usiku.

Nanga a ku yunivesite amalandira ndani? Amalandira mwana amene wapirira zaka 12, wakhoza mayeso a boma a kalasi 12, n'kukhozanso mayeso olowera ku yunivesite. Ali ngati wogula mbatata pa msika wa Calomue amene amatola zikuluzikulu zokha m'thumba, zazing'ono n'kumusiyira mlimi, kenako n'kumanyoza mlimiyo kuti sadziwa kulima. Ngati ana osankhidwa chonchiwa akuwakanika a Dotolo, ana onse osasankha akanatha nawo sabata imodzi?

Za Chipwitikizizo ndiye zandipweteka kwambiri. Mwana wa ku Angónia, ku Tsangano kapena ku Macanga amabadwa m'Chichewa, amasewera m'Chichewa, amapemphera m'Chichewa, kumsika amatsatsa m'Chichewa. Makolo ambiri a msinkhu wanga tinakulira ku Malawi pothawa nkhondo, tinabwerera kuno mtendere utasainidwa mu 1992, ndipo amene tinapondako m'kalasi tinaphunzira Chingerezi cha ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kunyumba sitingamuthandize mwana Chipwitikizi. Amene wamutenga mwana ameneyu mpaka kumufikitsa polemba mayeso a sayansi ndi masamu m'chinenero chomwe amangochimva kusukulu ndi mphunzitsi wa pulayimale ndi wa sekondale. Imeneyo ndiye ntchito yophunzitsa, ndipo a Dotolo anayenera kuivulira chipewa.

Funso lina a Dotolo sanadzifunse. Aphunzitsi a sekondale omwe akuwanyozawa anawaphunzitsa ndani? Anatuluka m'manja mwa aphunzitsi a ku yunivesite omwewo. Kwa zaka zambiri ntchito yosula aphunzitsi a sekondale inali ya Universidade Pedagógica, ndipo mu 2019 boma litaigawa, kuno ku Tete ndi ku Manica kunabadwa Universidade Púnguè. Ngati aphunzitsi athu ndi operewera, ndani anasaina madipuloma awo? Sangawapatse satifiketi chaka chino, chaka chamawa n'kudzaima pagulu kunena kuti sadziwa ntchito.

Sindikukana kuti ku yunivesite kuli anthu ozama m'maphunziro, ndipo ena amagwira ntchito yawo mokhulupirika. Tikuwafuna. Madokotala athu, alangizi a zaulimi ndi akatswiri a migodi ya ku Moatize amachokera m'manja mwawo. Koma kudziwa chinthu ndi kuchiphunzitsa ndi ntchito ziwiri. Mwana wa mchemwali wanga ali pa yunivesite ina, ndipo zomwe amatiuza zimandiimitsa mutu. Mphunzitsi amalowa, n'kuonetsa zolemba pakhoma, n'kuwerenga, n'kutuluka. Wamva kapena sunamve, zako zimenezo. Wina amasowa masabata angapo chifukwa akuphunzitsanso kwina ndi kwina, aja amawatcha ma turbo aja, kenako n'kutumiza zithunzi za masamba a buku pa WhatsApp kuti mayeso ndi Lachisanu. Theka la kalasi likalephera, iye amanyadira kuti phunziro lake ndi lovuta. Mnyamatayu anamaliza kalekale kulemba monografiya yake, kafukufuku womalizira digiri, koma womuyang'anira sanaiwerengebe, ndipo ife tikungolipira nyumba ya lendi m'tauni mwezi ndi mwezi, ndalama yochokera m'munda. Tikadandaule kwa yani? Kholo lilibe khomo lolowera ku yunivesite.

Ku sekondale sizitheka zimenezo. Ana ambiri akapeza malikisi osafika 10 pa 20, mphunzitsi amaitanidwa ndi akulu a sukulu kuti afotokoze. Woyendera sukulu amabwera kudzaona mapulani ake. Kumapeto kwa teremu ife makolo timakhala pa msonkhano n'kumufunsa maso ndi maso. Timakumana naye kutchalitchi, kumsika, pamaliro. Mwana wanga atajomba chifukwa cha malungo, mphunzitsi wake wa masamu anafika pakhomo panga pa njinga kudzamuona. Amadziwa mwana aliyense dzina ndi mudzi wake. A Dotolo angatchule mayina a ophunzira awo angati?

Ndipo popeza ndayamba, ndinene zonse. Lamulo la maphunziro la 2018 linati mwana aliyense aphunzire mpaka kalasi 9, ndipo kalasi 7 inachoka ku pulayimale kupita ku sekondale. Lamulo ndi labwino, ine ndikugwirizana nalo. Koma ana anachuluka, zipinda sizinachuluke mofanana, ndipo katundu yense anagwera mphunzitsi. Aphunzitsi akhala akulirira ndalama za maola owonjezera kwa zaka, mpaka ena m'madera osiyanasiyana a dziko lino kufika ponyanyala. TSU, ndondomeko yatsopano ya malipiro a ogwira ntchito m'boma, itabwera mu 2022 anthu anayembekezera mpumulo, koma madandaulo sanathe. Chaka chomwecho dziko lonse linachita manyazi ndi buku la kalasi 6 lomwe linaika Zimbabwe m'mphepete mwa Nyanja Yofiira. Buku limenelo silinalembedwe ndi mphunzitsi wa kumudzi kuno. Linadutsa m'manja mwa anthu ophunzira kwambiri asanalisindikize. Bwanji a Dotolo sanalankhule za zimenezi? Akuluakulu a boma anali pomwepo pa tebulo, mpata unali umenewo. Anaona chapafupi kumenya wofooka amene sangayankhe poopa ntchito yake.

Ndikupempha a Governador a chigawo cha Tete, a Domingos Viola, pamodzi ndi akuluakulu oona za maphunziro m'chigawo chino ndi m'boma lathu, kuti nkhaniyi asaitaye. Tsiku la 12 Okutobala ndi la aphunzitsi, lokumbukira kukhazikitsidwa kwa bungwe lawo la ONP mu 1981, ndipo silinakhazikitsidwe kuti azitukwanidwapo. Amene anaitana mlendoyu amuuze alembe kalata yopepesa, iwerengedwe pamaso pa ana omwe anamva mwano uja. Chaka chamawa wolankhula akhale mphunzitsi wopuma ntchito wa konkuno, alipo ambiri. Ndipo Unduna wa Zamaphunziro uganizire zoti mphunzitsi aliyense wa ku yunivesite amene amasula aphunzitsi azikagwira kalasi 8 kwa teremu imodzi pa sukulu ya kumudzi, kaya ku Dómuè kaya ku Furancungo, ndi choko m'manja, asanaloledwe kuweruza anzake. Ndalama za maola owonjezera zija nazonso zilipidwe chaka cha sukulu chisanathe.

Kholo lokhudzidwa,
Angónia, Tete