Lipoti la Msonkhano wa Maphunziro a Chithandizo cha Odwala Mwadzidzidzi

Kwa a wapampando a komiti ya CPD (maphunziro opitiriza a ogwira ntchito zachipatala), ma clinical officer (CO), ma medical assistant ndi anamwino nonse a pachipatala chathu.

Zikomo kwambiri chifukwa chondituma. Ndabwerako, ndipo ndiyambe ndi chachikulu: kachitidwe kathu ka CPD kakufunika kusintha. Ambirife CPD tinaisandutsa yosayinitsa kabuku kuti a Medical Council of Malawi kapena a Nurses and Midwives Council atikonzere chiphaso chogwirira ntchito. Mapointi amakwana ndithu, koma manja amakhala osaphunzira kanthu.

Kumsonkhanoko kunali anzathu a ku Zambia, ma clinical associate a ku South Africa, komanso alendo a ku America, ma physician assistant ndi ma nurse practitioner. Ma physician assistant ntchito yawo ndi yofanana ndi yathu ma CO. Maphunziro awo anayambira pa Duke University mu 1965, madokotala atachepa. Kuti satifiketi yawo isathe mphamvu, amayenera kukwanitsa maola 100 a maphunziro opitiriza pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo pa zaka khumi zilizonse amayesedwanso mayeso. Makina omwe ali nawo kwawoko sindinawasirire, poti ife sitiwapeza mawa. Chomwe chinandigwira mtima n'chakuti munthu wa imvi, wogwira ntchito ku casualty zaka zambiri, amagwadabe pansi n'kumakanikiza chifuwa cha chidole mphunzitsi akumukonza, iye osachita manyazi.

Nthawi yambiri tinathera pa Basic Emergency Care, BEC, maphunziro omwe bungwe la WHO ndi la ICRC (Red Cross ya padziko lonse) anatulutsa mu 2018 poganizira zipatala zosowa zipangizo ngati chathuchi. Mutu wake ndi ABCDE: njira ya mpweya, kapumidwe, kayendedwe ka magazi, ubongo, kenako kumuvula wodwala n'kumuona thupi lonse, kumsana komwe. Kuchokera apo amaphunzitsa za ovulala, obanika, a shock (magazi akamalephera kuzungulira mokwanira m'thupi) ndi amene asokonezeka mutu kapena kukomoka. Mudzati zonsezi tinaphunzira kale kusukulu. Inde. Koma atatiika m'magulu, CO ndi namwino pamodzi, n'kutipatsa "wodwala" wa ngozi ya kabaza, magulu ambiri anathamangira kumanga mwendo wothyoka, wodwalayo akukolomola magazi ali pakhosi. Diso limathamangira bala lowoneka. Chizolowezi chimenechi sichichoka ndi kumvera nkhani pa projekita, chimachoka pobwerezabwereza.

Panali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna aliyense azimve, chifukwa zikuonetsa kuti zomwe tinaphunzira kale zina zinasintha.

Choyamba ndi dripi kwa ana. Ambiri tinaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi, wozizira manja ndi mapazi, timuthire madzi mwachangu. Kafukufuku wa FEAST, yemwe anachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 n'kutuluka mu 2011, anapeza kuti ana omwe anapatsidwa bolus (madzi a dripi othiridwa mwachangu choncho) anamwalira ambiri kuposa omwe sanapatsidwe. Nchifukwa chake tsopano bolus ndi ya mwana amene ali ndi zizindikiro zonse zitatu za shock: manja ozizira, capillary refill (nthawi yomwe magazi amatenga kubwerera pachala mukachikanikiza n'kuchisiya) yopitirira masekondi atatu, ndi mtima wogunda mofulumira koma mofooka. Apa tisasokoneze: kafukufukuyu sanakhudze ana otsekula m'mimba. Mwana wa kolera amene watha madzi m'thupi, monga tinkawaonera mu 2022 ndi 2023, Plan C, ndondomeko yomubwezera madzi mwachangu ndi dripi, ikadali yomweyo, ndipo kuzengereza n'kumupha.

Chachiwiri ndi tranexamic acid, mankhwala ochepetsa kutaya magazi, kwa ovulala omwe akutaya magazi. Gramu imodzi kudzera mumtsempha kwa mphindi khumi, ndipo iperekedwe maola atatu asanadutse chivulalire. Akadutsa, phindu lake palibe ndipo ingathe kuwononga. Azamba athu a ku labour ward mankhwalawa amawadziwa bwino pa amayi otaya magazi akabereka. Funso langa ndi lakuti: ku casualty usiku amapezeka? Wovulala wochokera ku health centre yakutali amafika kuno maola awiri atatha kale. Tikayamba kufunafuna makiyi a ku pharmacy, nthawi yatha.

Dzina la Malawi linatchulidwa kangapo, ndipo ndinanyadira. ETAT, njira yosankhira ana odwalitsitsa kuti athandizidwe msanga, inakulira ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, komwe Professor Elizabeth Molyneux ndi anzawo anasintha kalandiridwe ka ana. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 pa 100 aliwonse kufika pa 6 mpaka 8, ndipo WHO inatulutsa maphunziro a ETAT mu 2005. Kumeneko sanadikire makina atsopano. Anaphunzitsa anthu, nakonza malo, naonetsetsa kuti mwana wokomoka sakhala pamzere. Mayiko ena akuphunzira kwa ife, pomwe kuno akuluakulu akadali kuonedwa potengera amene walawirira. Bambo wa chifuwa chowawa, thukuta lili kamukamu, amakhala pabenchi ya OPD ndi buku lake m'manja kudikira anthu a chimfine athe.

Tinakambirananso za handover ya SBAR (ndondomeko yofotokozera mnzako za wodwala pomusiyira ntchito) ndi makalata otumizira odwala ku central hospital. Mapepala ake ndabwera nawo, ali kwa a mlembi.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Pa CPD yathu ya mlungu ndi mlungu, kamodzi pamwezi tisakhale m'holo. Tipite ku casualty komweko, tiike chidole pa trolley, wina agwire wotchi, tione kuti ambu bag (thumba lopopera wodwala mpweya) ifika pamphindi zingati, suction ikuyaka kapena ayi, silinda ya okosijeni ili ndi sipanala yake kapena wina anaibwereka. Mukudziwa nonse kuti usiku ambu bag ya ana imakhala yokhomeredwa mukabati. Ma CO ndi anamwino tiziphunzira limodzi, poti pa wodwala timakhalanso limodzi. Tiitanenso ma patient attendant, alonda a pageti ndi madalaivala a ambulansi. Mayi wobereka mwana wokomoka kumbuyo amayamba kukumana ndi mlonda, osati ife.

Ndikudziwa kuti ena afunsa za alawansi. Palibe, ndipo ndikupempha tisadikire bungwe lina kuti litiitanire ku hotelo. Buku la BEC ndi laulere pa intaneti. Chomwe tikufuna kwa a DMO ndi a DNO (akulu a madokotala ndi a anamwino m'boma lino) n'chakuti maola amenewa aziwerengedwa ngati mapointi a CPD, komanso kuti ndandanda ya ntchito izilola a night shift kutenga nawo mbali. Ndikupempha a wapampando kuti nkhaniyi ilowe pa mfundo zokambirana za msonkhano wathu wotsatira, ndipo ngati komiti ivomera, ine ndi a in-charge a ku casualty tikonza gawo loyamba, la ABCDE pa wovulala wa ngozi ya pamsewu.

Ine wanu pantchito,
Nthumwi ya komiti ya CPD