Lipoti la maphunziro a matenda opatsirana pogonana

Apampando ndi anzanga nonse a m'komiti ya zaumoyo,

Ndabwerako ku maphunziro a masiku awiri amene munandituma ku Limbe aja. M'mawa wa tsiku loyamba unathera pa malonje ndi mafomu, ndipo za edzi anangobwereza zomwe tikudziwa kale.

Chimene chandikhala pamtima ndi chindoko. Anamwino anationetsa chithunzi cha kachilonda kamodzi kumaliseche, kolimba m'mbali, kosapweteka n'komwe. Pakatha milungu 3 mpaka 6 kamapola kokha, munthu n'kumati wachira, chonsecho matenda alowa m'magazi. Pambuyo pake m'zikhatho ndi kuphazi mumatuluka zidzolo, kawirikawiri zosayabwa. Mayi woyembekezera akhoza kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, pomwe jakisoni wa penisilini akadachiza. Misozi inalengeza nditakumbukira makanda amene tawaika kuno ku Bangwe, ife n'kumaloza zala agogo kuti ndi mfiti.

Chinzonono nacho n'chokondera. Kwa abambo mafinya ndi kutentha pokodza zimabwera msanga, koma amayi ambiri samva kanthu mpaka chitatseka njira za mazira. Nanga mwana akasowa pabanja timanyoza ndani? Mayi yemweyo.

Msonkhano unagwirizana kuti makomiti aziphunzitsa kusikelo. Ine ndinatsutsa, ndipo ndikutsutsabe. Kusikelo mungapezeko abambo angati? Mayi amabayidwa jakisoni, n'kupatsidwa kapepala koitanira mwamuna wake, kapepalako n'kuthera pansi pa mphasa poopa kufunsidwa kuti wazitenga kuti. Mwezi usanathe watenganso. Tiwalondole abambowo pabawo ndi pasiteji ya kabaza.

Chaka chatha ndinapempha kuti tikambe ndi ogulitsa makapusozi awiriawiri m'magolosale, nkhaniyo inakwiriridwa. Lero akatswiri akuti kumwa mankhwala mwachisawawa kotereku n'kumene kukuchititsa chinzonono kusamva mankhwala. Ndipo inu mukunong'ona za alawansi, ndalama zonse ndaziwerengera kwa asungichuma, pomwe ya minibasi ya ulendo wa m'Malichi uja mpaka pano sindinabwezeredwe.

Kumaphunziro kuja anatikumbutsanso za katemera wa kachilombo ka HPV, amene boma linayamba kupereka mu 2019 kwa atsikana a zaka 9 poteteza khansa ya khomo la chiberekero.

Loweruka ndibwera ndi zithunzi zija. Apampando, chonde amfumu muwaitane nokha, ine ndawatumira uthenga kawiri sanayankhe.