Kalulu asakhale wofufuza milandu m'nthano za ana

Akonzi,

Ndikufuna kulankhula ndi anzanga amene akulembera ana athu a kuno ku Johannesburg nthano za nyama zofufuza milandu. Chonde musamapereke ntchitoyi kwa Kalulu. Mwana aliyense amadziwa kuti Kalulu ndi kamberembere, ndiye nkhuku zikasowa m'khola, woyamba kumukayikira ndi iyeyo. Mupatseni Galu chifukwa cha mphuno yake, kapena Fulu amene amayenda pang'onopang'ono maso ali pansi.

Nthano zambiri zimagwa pa umboni. Wolemba amangotulutsa wakuba kumapeto, mwana osapatsidwa mpata woti aganize yekha. Ikani zizindikiro zitatu nkhani isanafike pakati, ndipo zikhale zoona. Mapazi a fisi amaonetsa zikhadabo pa dothi lonyowa, ndipo akutsogolo amakula kuposa akumbuyo. A nyalugwe saonetsa zikhadabo chifukwa amazibweza mkati akamayenda. Ndowe za fisi zikauma zimayera mbuu chifukwa cha mafupa amene amaphwanya. Kalulu akamathamanga, mapazi akumbuyo amaponda kutsogolo kwa akutsogolo, choncho wofufuza wosasamala atha kulondola mbali yolakwika. Mukalemba kuti nyalugwe anasiya zikhadabo pa matope, mwasokoneza mlandu wonse.

Ana okulira m'maflati a ku Yeoville ndi Hillbrow sadziwa kulondola mapazi a nyama ngati anzawo akumudzi. Makolo, apititseni ku Johannesburg Zoo ku Parkview akaone mapaziwo ndi maso awo, kenako muwawerengere nthanoyo m'Chichewa.

Ine wanu,
Wokonda nthano, Johannesburg