Zomwe ndabwera nazo ku msonkhano wa ma projekiti a m'magulu

Moni nonse anzanga a mu dipatimenti, ndabwerako kumsonkhano munandituma kuja ndiye ndati ndilembe msanga zisanandithawe m'mutu. Zokambidwa zinali zambiri koma ine ndikhazikika pa imodzi, ya momwe timaperekera malikisi pa projekiti ya gulu yolemba pulogalamu ya pa kompyuta, chifukwa imeneyi yandisowetsa tulo.

M'mawa kunali mbiri pang'ono, zoti mawu oti software engineering (luso lopanga mapulogalamu a pa kompyuta) anatchuka pa msonkhano wa NATO ku Garmisch, ku Germany, mu 1968, kenako Agile Manifesto, chikalata cha mfundo zopangira mapulogalamu chija analemba anthu 17 ku Snowbird, ku America, mu 2001. Izi mukuzidziwa kale, sindichedwapo.

Masana ndi pomwe panali nkhani. Mayi wina wophunzitsa anaika git log (mndandanda woonetsa amene wasintha chiyani mu pulogalamu ndi liti) ya gulu la ophunzira asanu pa projekita, mayina atabisa. Pulogalamu yawo imagwira bwinobwino, pa demo onse asanu anapeza malikisi apamwamba, koma ukayang'ana ma commit (zosintha zomwe munthu wasunga mu log) pafupifupi onse ndi a munthu mmodzi, ambiri ausiku woti mawa lake apereka, ndiye wina anali ndi commit imodzi yokha yokonza sipelo mu README (fayilo yofotokoza za projekiti) basi. Muholo monse munangoti zii. Ine mtima unandipweteka chifukwa ifenso timachita zomwezi, timangoona chinthu chomalizacho nkugawa malikisi ofanana, amene wasenza gulu lonse amatuluka ali wotopa ndi wokwiya pomwe anzake anayi aja akupita kukafunsira ntchito asanakonzepo merge conflict (pomwe zosintha za anthu awiri zawombana) olo imodzi, ndipo olakwa si iwo okha ayi, ndife amene sitinayang'ane.

Koma bambo wina anachenjeza, ndipo ndikugwirizana nawo kwambiri, kuti tisayambe kuwerenga ma commit ngati mavoti. Ana akangodziwa azidula ntchito imodzi tizidutswa khumi. Komanso awiri akakhala pa kompyuta imodzi dzina limatuluka la mmodzi, ndiye pali uja amalemba ma test oyesera pulogalamu kapena kukhala pansi ndi kasitomala kumva zomwe akufuna, ntchito yake sioneka bwino mu log. Log ndi poyambira kufunsa mafunso, si chigamulo.

Zomwe anzathu akuchita ndi izi. Semesita amaidula zigawo (ma sprint) za masabata awiri awiri ngati mu Scrum, njira yoyendetsera ntchito ya gulu, gulu limakumana kamsonkhano (stand-up) kosapitirira mphindi 15, aliyense anene wachita chiyani, achita chiyani, chamutsekereza ndi chiyani. Palibe kodi (code, malemba a pulogalamu) yolowa ku main, komwe ntchito ya onse imaphatikizidwa, popanda pull request (pempho loti ilowe) yomwe mnzake waiwerenga nkuvomereza. Sprint ikatha aliyense amalemba mwachinsinsi momwe anzake agwirira ntchito, osadikira kumapeto pomwe ubale waonongeka kale. Ndipo chomwe ndachikonda kwambiri, mphunzitsi amaitana mwana aliyense payekha, amatsegula kodi ya gulu lake nkuloza function (kachigawo ka kodi) imodzi, tandiuze iyi ikuchita chiyani, nanga ndikachotsa mzere uwu chisweka ndi chiyani. Amene wagwiradi ntchito amayankha nkhope ikuwala, wongokwera nawo amaoneka pompo.

Panalinso ganizo lowapatsa kodi yosiyidwa ndi gulu la chaka chatha m'malo moyamba pa fayilo yopanda kanthu, poti kuntchito munthu nthawi zambiri amapeza kodi ya ena yomwe ayenera kuimvetsa kaye. Ndikuona kuti nzabwino koma tisathamange nazo, tiyambe taona ngati ma repo (malo osungira kodi) athu akale ali oti munthu angawayendetse. Za kasitomala weniweni wakunja anthu anagawanika, ena akuti ana amalimbikira, ena akuti kasitomala akasowa pakati pa semesita gulu limangoima.

Sindikubisirani, zonsezi zitidyera nthawi, makamaka kufunsa mwana mmodzimmodzi kuja ndi makalasi athu akuluakuluwa. Pempho langa ndi loti pa mitingi yathu ikubwerayi tigwirizane ziwiri zokha kaye, malikisi agawidwe pawiri, ena a gulu ena a munthu payekha, ndipo gulu lililonse litipatse mwayi wolowa mu repo yawo kuyambira sabata yoyamba. Amene muli ndi magulu semesita ino tatsegulani log ya gulu limodzi tisanakumane, mubwere mudzatiuze zomwe mwapezamo.