Thalauza mkati, chitenje pamwamba

A Mkonzi,

Ndinafika ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, mu Januwale nditatchena chitenje ndi nsapato zapulasitiki, ngati ndikupita kumsika wa Limbe. Mphepo inandikwapula podikira basi mpaka zala kuchita dzanzi. M'mawa mwake mnzanga anandiperekeza kusitolo ya kaunjika, ndinagulako jekete yolemera ngati bulangete.

Chinandivuta ndi thalauza. Amayi anakula lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala thalauza likugwira ntchito, ndipo ngakhale linachotsedwa mu 1993, pakhomo pathu silinachoke. Lero ndimavala thalauza tsiku lililonse kuntchito yosamalira okalamba, koma zithunzi zakezo amayi sindiwatumizira ayi.

Lamulungu kutchalitchi duku ndi chitenje zimabwerera, thalauza ili mkati. Agogo ena achizungu anandifunsa komwe angagule chawo.

Mayi wa ku Ndirande,
Glasgow